Chaka Chimene Achimwene Anakana Kuwoloka Muloza

Achimwene anga sanali munthu wokhala pansi. Ngakhale tili ana, kumalayini a esiteti ya tiyi kumene tinabadwira, iwo ankadya choimirira, mbale ili m'manja, maso ali kumsewu. Amayi ankawakalipira m'Chilomwe kuti chakudya chodya choimirira chimathera kumiyendo, koma iwo osamva ayi. Iwo ndiwo oyamba kubadwa, ine wotsiriza, ndipo ana a pakati pathu sanakule. Bambo athu anathyola tiyi mpaka chifuwa chinawatenga ine ndisanayambe sukulu. Amayi anabadwira kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, kupitirira Milange, ndipo anabwera kuno ali kamtsikana, makolo awo akuthawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Kwathu imeneyi sinali nkhani. Nyumba iliyonse pamalayini paja inali ndi abale kutsidya.

Sukulu inawayanja achimwene, mpaka anakhala mphunzitsi wa pulayimale. Ine ndinalekezera panjira, ndinakwatiwa, ndipo mwamuna wanga atapita ku Joni osabweranso, ndinkagulitsa nanazi ndi nthochi pamsewu pa Chinakanaka kuti ana anga adye.

Ndale anazilowera pamaliro. Munthu wa kuesiteti akamwalira, anthu ankapempha aphunzitsi kuti ayankhule m'malo mwa anamfedwa, chifukwa iwo sankaopa kunena kuti malemuyo wafera m'nyumba yodontha, kapena kuti anadwala nthawi yaitali popanda galimoto yomutengera kuchipatala. Akapitawo ankayang'ana pansi, amayi a mvano n'kumang'ung'udza movomereza. Posakhalitsa anthu anayamba kunena okha kuti aphunzitsi aimire. Chipani china chinawatenga, anasiya choko, ndipo chisankho chitachitika anakhala phungu wa dera lathu ku Nyumba ya Malamulo.

Anamanga nyumba ya njerwa pafupi ndi msewu, cha kumudzi kumene amayi anapeza malo titachoka kumalayini. Alamu anga ndi ana ankakhala kutauni, ndiye achimwene anabwera pabenchi langa la nanazi nati, “Chemwali, siya izi. Ukandisungire nyumba. Anthu akabwera azipeza munthu.”

Anthu ankabweradi. Ndikamatsegula chitseko m'mamawa, tsache lili m'manja, ndinkapeza ena atakhala kale pansi pa mtengo wa mapeyala, mame ali m'miyendo. Uyu akufuna bokosi la maliro. Uyo mkazi wake wayamba matenda a uchembere ndipo kulibe chokwera. Enawo denga la tchalitchi lasasuka ndi mphepo. Mayi wina anabwera kudzapempha kuti bwana akamuuze mwamuna wake abwerere kunyumba, chifukwa apolisi ndi abusa anali atalephera. Ndinkawiritsa tiyi mumphika waukulu wophikira pa zinkhoswe, n'kumamvetsera aliyense, kenaka n'kuimbira achimwene ku Lilongwe. Nthawi zina ankatumiza thandizo tsiku lomwelo. Nthawi zambiri ankangoti, “Auze kuti ndamva,” foni n'kuduka. Zaka zimenezo sindikumbuka kuti ndinamalizapo chakudya chili chotentha. Ndikangoti ndikhale, geti yagogodedwa.

Nyumba ya Malamulo ikamakumana ndinkaika wailesi pakhonde, anthu n'kuizungulira. Mawu a achimwene akamveka, aliyense ankakhala chete, ndipo akatchula mlatho wa kwathu kapena malipiro a othyola tiyi, abambo ankagwedeza mitu ngati mlathowo wamangidwa kale. Loweruka iwo ankafika ndi fumbi, osavula ndi nsapato zomwe. Ankaima pakhonde, mafoni awiri akulira m'matumba, n'kumayankha anthu atatu nthawi imodzi. Dzuwa lisanapendeke anali atapita kumsonkhano, kuchoka uko kumaliro, kuchoka uko kukapereka mpira kwa achinyamata.

Atapambananso kachiwiri anapatsidwa unduna, poyamba wachiwiri kwa nduna, kenaka nduna yeniyeni. Galimoto inayamba kubwera ndi kambendera kutsogolo ndi wapolisi wotsegula chitseko. Tinkawaona pa TV akudula maliboni kumpoto, akutsika ndege, atakhala kumbuyo kwa mtsogoleri wa dziko. Anthu a pageti anachuluka, ena ochokera kumadera amene sanali athu n'komwe.

Amayi zonsezi sizinawasunthe. Anakana kusamukira m'nyumba ya njerwa, ati simenti imawazizira m'mapazi. Anakhalabe m'kanyumba kawo kuseri kwa munda, akulima nandolo, chinangwa ndi nyemba za kalongonda. Achimwene akafika kukawapatsa moni, amayi ankawayankhula m'Chilomwe, iwo n'kumayankha m'Chichewa. Chilomwe ankachimva chonse, koma kuyankhula anasiya ali kusekondale, kumene anzawo ankawaseka kuti Mnguru, dzina lonyozera oyankhula Chilomwe. Amayi sankadandaula nazo. Ankangowapatsa kalongonda m'kambale, nduna n'kumadya itaima pabwalo, wapolisi akuyang'ana kumbali.

Mavuto anabwera pa chisankho chachitatu. Amene ankapikisana nawo anali mkulu wina wa malole, munthu wachuma, ndipo anyamata ake anayamba kufalitsa kuti achimwene si Mmalawi. Ankati anabadwira ku Mozambiki, anachita kubwera ali kumsana. Pamisonkhano yawo amayi ovina anapeka nyimbo yowauza kuti akaimire ku Milange. Chimene chinkandipweteka n'chakuti oimbawo ndinkawadziwa, ndipo ambiri mwa iwo agogo awo anawoloka mtsinje womwewo, ena chaka chimodzi ndi amayi. Koma nkhani inakula. Inafika m'manyuzipepala, mawailesi anaikamba, ndipo akuluakulu a chipani ku Lilongwe anawauza achimwene kuti asamale mayendedwe. Anaonda. Ankazungulira nyumba foni ili kukhutu, kuchoka kumapeyala kufika kuthanki ya madzi n'kubwereranso, mpaka udzu unafa m'njira yawoyo.

Kutatsala milungu yochepa kuti tivote, bambo wina wa kabaza wa ku Muloza anafika ndi uthenga wakuti amalume athu amwalira kutsidya. Anali mlongo wawo wa amayi, yekhayo amene anatsala. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki anakhala nafe zaka zingapo, ndipo kale, achimwene akupita kusekondale, ndi iwo amene anawasenzera bokosi la katundu pamutu mpaka pokwerera basi.

Madzulo a tsiku limenelo tinakumana pabwalo pa amayi. Iwo anali pamphasa, akusola nandolo.

“Amalume ako apita,” anatero amayi. “Tinyamuka m'mawa. Ubwere ndi galimoto.”

Achimwene anaika mafoni m'thumba. “Amayi, ine pano sindingawoloke. Mukudziwa zimene anthu akunena.”

“Akunena chiyani?”

“Akuti ndine wa ku Mozambiki.”

“Nanga unatuluka m'mimba mwa ndani?”

“Ndinabadwira kuno, amayi. Koma ndikangoponda tsidya lija, mawa chithunzi changa chili m'nyuzipepala. Ndigula bokosi, nditumiza ufa ndi ndiwo. Chisankho chikatha tipita tonse, tikaone manda.”

“Kumandako akayankhule ndani? Mphwake ndiwe. Palibenso wina.”

Achimwene anayenda kufika pankhokwe, nabwerera. Kenaka ananena chimene ndikuganiza kuti anabwera nacho kale mumtima.

“Inunso mukanadikira pang'ono. Anthu akukudziwani kuti ndinu mayi anga.”

Amayi anapitiriza kusola nandolo. Achimwene anatembenukira kwa ine. “Chemwali, tawauza.” Ine ndinkadya za achimwene, ana anga ankaphunzira ndi thandizo lawo, ndipo ndinkadziwa kuti mantha awo sanali opanda pake. Koma amalume aja ndi amene anandiphunzitsa kupalasa njinga. Ndinangotola makoko a nandolo n'kukataya kudzala.

M'mawa mwake galimoto sinabwere, ndipo amayi sanaifunse. Anavala chitenje chakuda, ine ndinasenza kamtolo ka ufa, tinakwera njinga za kabaza mpaka pa Muloza. Ine ndinkafuna tidzere kumunsi, kumene anthu amawoloka pamadzi osaonedwa ndi aliyense. Amayi anakana. “Sindinabe kanthu,” anatero. Tinadutsa pakati penipeni pa msika, osintha ndalama akutiitanira, amalonda akukankha njinga zodzaza matumba a chimanga. Anthu anatizindikira. Ena anapereka moni, “Amayi a bwana, mwadzuka bwanji?” Ndinaona mnyamata wina wa malaya a chipani cha mkulu wa malole uja akukweza foni. Amayi anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo mpaka tinawoloka mlatho, msilikali wa kutsidya natipatsa moni wa Chipwitikizi, bondiya.

Maliro anali a anthu ambiri. Bokosi limene achimwene anatumiza linali litafika kale, labwino kuposa lililonse limene mudzi umenewo unaonapo, ndipo aliyense ankadziwa amene analigula. Kumanda, mwambo wa tchalitchi utatha, mkulu wa banja anafunsa kuti mphwake wa malemu ali kuti. Amayi anandigunda ndi chigongono. Kumeneko munthu wamkazi sayankhula kumanda, koma ndinaimirira. Chilomwe changa n'chothyokathyoka, ndiye ndinasakaniza ndi Chichewa. Ndinathokoza anthu, ndinanena zabwino za amalume, ndipo ndinati achimwene atanganidwa ndi ntchito ya boma. Nkhalamba ina imene inakhala pachitsa inayankhula chapansipansi, koma tonse tinamva: “Boma lilibe amalume.”

Pamene tinkabwerera, chithunzi chathu chinali chitazungulira kale m'mafoni: amayi ndi ndodo yawo pamlatho, ine ndi kamtolo pamutu. Achimwene anatipeza tisanasambe n'komwe. Sindinawaonepo atakwiya chotero. Ankayenda uku ndi uku pabwalo, akuwerenga mokweza zimene anthu ankalemba.

“Mwandipha, amayi. Zaka zonsezi ndavutikira, mwaziponya mumtsinje.”

Amayi anawayang'ana, nayankha m'Chichewa chomveka bwino, chimene ankayankhula ndi alendo okha. “Pepani, bwana. Sitidzachitanso.”

Achimwene anaima pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo amayi sanawayankhulenso m'Chilomwe. Kwa ine, kwa adzukulu, ngakhale kwa nkhuku zawo, chinali Chilomwe. Kwa mwana wawo woyamba chinali Chichewa chaulemu, ndi bwana kumapeto.

Chisankho anapambana. Mwina chithunzi chija chinawathandiza n'kuwathandiza, chifukwa ndinamva amayi ambiri pamjigo akunena kuti munthu sangalakwe popita kukaika mlongo wake. Kunyumba kunabwera ng'oma za gule wathu wa tchopa, anthu anavina mpaka fumbi linakwera pamalata. Amayi tsiku limenelo anapita kumunda. Patapita sabata achimwene anabwera ndi galimoto, atavula jekete, nati tsopano tipite kukaona manda aja.

“Ife tinapita kale, bwana,” amayi anatero. “Inu pitani kuntchito.”

Akanatha kupita okha. Ndinawauza kangapo kuti ndiwaperekeza. Nthawi zonse kunali msonkhano, ulendo wa kunja, bajeti. Ndikuganiza kuti ankaopa kukafika kumudzi kuja popanda amayi patsogolo.

Za ku Lilongwe sizinakhalitse. Zinthu zitatembenuka m'boma, achimwene anachoka m'chipani chawo n'kulowa china, ndipo ine ndinauzidwa pafoni kuti ndichotse nsalu zonse za chipani chakale m'nyumba anthu asanafike. Ndinazisokera matilesi. Chipani chatsopanocho chinawasunga pa unduna kanthawi, kenaka tsiku lina ali paulendo anamva pawailesi ya m'galimoto mndandanda wa nduna zatsopano, dzina lawo mulibe. Wapolisi ndi dalaivala anaitanidwa sabata yomweyo. Anafika kunyumba akuyendetsa okha galimoto yawo yakale, ndipo anthu a pageti anaimirirabe monga mwa masiku onse, koma maso awo anali pamalo pamene pankakhala kambendera.

Amayi anamwalira nyengo ya mvula ya chaka chotsatira. Sanadwale nthawi yaitali. Achimwene anawatengera kuchipatala cha ku Blantyre, anagona pabenchi kunja kwa wodi, anawamwetsa phala ndi manja awo. Amayi ankalandira, n'kunena kuti zikomo bwana. Ine ndinawachonderera tili awiri kuti amukhululukire mwana wawo. Anandiyankha kuti sanamukwiyire, koma kuti iye anasankha yekha chilankhulo chake.

Pamaliro panabwera aphungu, nduna zakale, mipando ya pulasitiki ndi tenti. Dzuwa litakwera tinaona anthu a kutsidya akufika, ena palole, ambiri panjinga, atanyamula nkhuku, ufa wa makaka a chinangwa ndi nkhuni. Anakhala pansi pamtengo wa mango, kutali ndi tenti. Achimwene anawaona. Anasiya mpando wawo pakati pa akuluakulu aja, anayenda kudutsa bwalo lonse ndi suti yawo, nakakhala pansi pamatope pakati pa anthuwo. Ndinkayembekezera kuti wina awakumbutsa za amalume. Palibe anatero. Nkhalamba ya pachitsa ija inawagwira dzanja n'kumawatchula mwana wathu. Achimwene analira ngati mwana, ndipo anthu a m'tenti anasowa poyang'ana.

Chisankho chotsatira anagonja. Anawagonjetsa mayi wachitsikana amene iwo eni anamuphunzitsa kuwerenga ali kupulayimale. Anapita kukamugwira chanza pamaso pa anthu, ndipo m'nyuzipepala anawayamikira. Koma kunyumba kunali kwina. Alamu anatsala ku Blantyre ndi ana, iwo anabwera kudzakhala kumudzi, ati akufuna kupuma.

Sanapume, ndipo inenso sindinapume. Pageti panalibenso munthu. Ine ndinkadzukabe m'mamawa, n'kupezeka ndatereka mphika waukulu uja ndisanakumbuke kuti omwa tiyi tilipo awiri. Galu akauwa, tonse tinkathamangira pazenera. Achimwene ankavala jekete kukangocha, n'kumayang'ana foni kawirikawiri, nthawi zina n'kundiuza kuti ndiwaimbire aone ngati ikugwira. Kenaka ankapita kumsewu n'kukwera chilichonse chimene chaima. Lero ali ku Likhubula, akufunsa onyamula katundu wa alendo okwera phiri za mavuto awo. Mawa ali pa Muloza, akukangana ndi amalonda za mtengo wa nandolo. Maliro aliwonse ankapita, ngakhale a munthu amene sanamuonepo, n'kukhala kutsogolo, kudikira ngati angaitanidwe kuti ayankhule. Chaka chimene napolo anatsika m'phiri n'kukokolola midzi, anaimbira maofesi onse amene kale ankanjenjemera akamva mawu awo. Mafoni ankangoitana. Anatenga khasu, napita kukakumba matope ndi anthu ena, nabwera madzulo miyendo itatupa.

Kutupa kumeneko sikunathe. Mwezi wathawu ndinawakakamiza kupita kwa dokotala ku Blantyre. Galimoto yawo ili pamiyala, ndiye tinayenda paminibasi. Dokotala anati magazi akuthamanga kwambiri, shuga wakwera, ndipo ngati akufuna kuona adzukulu akukula asiye kuyendayenda, azikhala pakhomo. Achimwene anavomera zonse mwaulemu.

Pobwerera tinakwera ku Limbe, tinapanikizana kumpando wa kumbuyo, ine mankhwala ali pamiyendo. Palibe anawazindikira. Tili m'njira anthu anayamba kudandaula za mtengo wa feteleza, nkhani n'kugwera pa andale. Bambo wina wa chipewa, amene anakhala kutsogolo kwathu, anati onse ndi amodzi, amangokumbuka anthu nthawi ya kampeni.

“Ngakhale uja anali nduna wa kwathu kuno,” anatero, “uja anali mphunzitsi. Anayamba bwino, koma anathera pati?”

“Ameneyo si anamwalira?” anafunsa mayi wina.

“Anamwalira, eya. Ndinamva kuti anafera ku Lilongwe.”

Ndinawagwira achimwene pabondo. Iwo anaweramira kutsogolo. “Pepani, bambo. Anamwalira liti?”

“Papita nthawi ndithu. Sitiroko.”

“Koma anali munthu wotani?”

Bambo uja anaganiza pang'ono. “Kuyankhula ankatha. Mlatho wa kwathu anamanga ndi iyeyo, zimenezo sindingamunamizire. Koma nayenso anatiiwala.”

Achimwene anabwerera m'mbuyo, nayang'ana minda ya chimanga pazenera. Ndinkamva mwendo wawo ukugwedezeka pafupi ndi wanga. Titafika pa Chinakanaka, kwathu kukadali kutali, anamenya denga la minibasi.

“Kondakitala, titsika pano.”

“Achimwene, sitinafike,” ndinatero.

“Ndikudziwa. Tsika.”

Linali tsiku la msika. Anakonza jekete, anapukuta nsapato ndi mpango, nayamba kumzere wa tomato. Ankagwira chanza aliyense, akutchula dzina lawo lonse ndi udindo umene anali nawo, akufunsa za malonda, za mvula, za ana. Ena anawakumbukira, nayamba kuitanizana. Achinyamata ogulitsa kaunjika ankangowayang'ana. Ine ndinkatsatira m'mbuyo ndi jumbo ya mankhwala, ndikuwakumbutsa kuti dokotala wati amwe akangodya, ndipo chidzukire sanadye kanthu.

“Ndidya,” anatero osatembenuka. “Timalize kaye mzere wa nsomba.”